A Chidendene ndi nsapato za mdani wawo

A Chidendene anakhala pakhonde la sitolo ya utoto ndi misomali zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akusoka nsapato. Dzina lawo lenileni ngakhale mwini sitoloyo analiiwala. Ankatchedwa a Chidendene chifukwa ukawapatsa moni sankakuyang'ana kumaso, ankakuyang'ana kuchidendene. Iwe, "Mwadzuka bwanji, bambo?" iwo maso ali pansi, "Ndadzuka, koma yakumanzereyo ikukusiyani." Ndipo sabata isanathe inkakusiyadi.

Katundu wawo anali wochepa: benchi yogwedera, chitsulo chovekapo nsapato pokhoma, nyundo, singano zokhota, mpeni wonoledwa mpaka kutsala kalilime, ndi zidutswa za matayala akale. Pansi pa benchi panali makatoni awiri odzaza zidendene zakutha zomwe ankachotsa ku nsapato za anthu. Kutaya sankatha, akuti dzanja linkakana. Ana awo anayi anaphunzira sukulu ndi benchi imeneyo. Bambowo sanali olemera, komanso sanali odandaula. Nsanje sankaidziwa n'komwe, poti pamsewu wonsewo wosoka nsapato anali iwo okha. Munthu ukakhala wekha umadziyesa woyera mtima.

Ndiye kunabwera wamakina.

Anachita lendi kachipinda koyang'anizana ndi khondelo, kutsidya kwa msewu, ndendende pomwe maso a a Chidendene ankagwera akaweramuka. Anali bambo wonenepa, wosekaseka, wovala ovololo yabuluu yochapidwa bwino. Anabwera ndi makina osokera, makina opalira, mipando itatu ya pulasitiki, wailesi, ndi chikwangwani cholembedwa kuti: DIKIRANI POMPANO, MPHINDI KHUMI BASI. Analinso ndi masilipasi atsopano obwereketsa kasitomala kuti asaponde pansi podikira. Masilipasi, anthuni! A Chidendene zaka zonsezi ankangokankhira munthu kachidutswa ka katoni kuti apondepo.

Anayamba kuwoloka ndi ana a sukulu. A Chidendene anati zilibe kanthu, ana amatsata phokoso. Kenako anawoloka a m'maofesi. Anati amenewo ndi a changu, adzabwerera. Koma tsiku lina anaona anamwino, mayi amene anawasokera nsapato zoyera zaka khumi ndi zisanu, akudutsa pakhondepo nkhope atayang'ana kumbali ngati akuwerenga mitengo ya utoto, kenako n'kuwoloka, kajumbo kali m'khwapa. Apa ndiye chinawabaya. Anagwira nyundo, poti akhome panalibe, n'kuibwezanso pansi.

Kuyambira tsiku limenelo anatembenuza benchi kuti iyang'ane bwino kutsidya. Ntchito yawo inasanduka kuyang'ana. Ankadziwa nthawi imene wamakina amatsegula, nthawi imene amamwa tiyi, nyimbo imene amaimbira mluzu. Ankadziwa kuti poyenda amaponya phazi lakumanja kunja, ndipo akawerama kutola kanthu amayamba wagwira m'chiuno. Makina akalira kuti wiii, iwo mano kukukuta. Wamakina akaseka ndi kasitomala, iwo, "Akuseka ine ameneyo." Munthuyo sanawalakwire chilichonse. Tsiku loyamba anawapatsa moni mwaulemu wonse, ndipo ulemuwo ndi umene unawanyansa kwambiri.

Anayesa kutengera. Analemba chikwangwani chawo ndi utoto wotsala wa m'sitolo, koma zilembo zinayamba zikuluzikulu, malo n'kutha, mawu omaliza n'kupanikizana kumapeto ngati anthu m'minibasi. Anabweretsa wailesi yakunyumba, inkangokhosomola. Anabweretsa masilipasi a akazi awo, ndipo isanakwane nthawi ya nkhomaliro mayiwo anafika osavala kanthu kuphazi, n'kuwatenga n'kubwerera nawo kunyumba. Kenako anayamba miseche. Aliyense woima pakhonde kubisala dzuwa ankauzidwa kuti makina sadziwa phazi la munthu. Woyendetsa njinga ya kabaza wina anawayankha mosapsatira, "Madala, tsabola wakale sawawa. Vomerezani."

Patatha miyezi itatu, mwini sitolo anatuluka n'kuima pafupi ndi benchi, akupukuta manja.

"Akulu, tachokera kutali, sindifuna kukubisirani. Khonde limafuna munthu wokoka anthu. Panopa pali zii, ndipo nkhope yanuyo ikundithamangitsira ngakhale ogula misomali. Pali munthu akufuna kuikapo tebulo la zikwama za mafoni. Mwezi uno ukatha zinthu zili chonchi, mundikhululukire."

A Chidendene anangoti, "Ndamva." Koma khonde limenelo ndiye linali ofesi yawo, dzina lawo, ukulu wawo wonse. Akachoka pamenepo akakhala ndani? Nkhalamba ya makatoni awiri a zinyalala basi.

Kunyumba akazi awo anawayang'ana akudya, n'kunena, "Abambo, mukutafuna ngati mukutafuna munthu. Mwamuyang'ana mnzanuyo miyezi itatu. Mwaphunzirapo chiyani?"

"Si mnzanga ameneyo."

"Chabwino, mdani wanuyo."

Mawuwo anawapatsa maganizo, koma osati abwino. M'mawa mwake anatulutsa nsapato zawo zakuda za paulendo, zomwe zidendene zake zinali zitatha, n'kuzikulunga m'jumbo.

"Mayi, pitani nazo kwa wamakina uja. Munene kuti ndi za achimwene anu. Akazisoka ndizipachika pakhonde, anthu adzaone okha uve wa makina."

"Ha! Wosoka nsapato kukasoketsa nsapato kwa mnzake? Abambo, nsanje yakupengetsani."

Komabe anapita. Anabwerako nkhope ili ngwee. "Anandipatsa mpando. Anandipatsanso madzi ozizira. Inu zaka zonsezi munayamba mwandipatsako mpando pakhonde panu paja?"

A Chidendene analanda jumboyo n'kupita nayo pawindo. Anatembenuza nsapato uku ndi uku, kukanda ndi chikhadabo, kupinda, kununkhiza. Ulusi unali wowongoka. Guluu sanatayikire pena paliponse. M'mbali munali mosalala kuposa momwe mpeni wawo ukanachitira. Chilema chinasowa. Mwa zowawa zonse za miyezi itatu ija, ichi ndiye chinawawa koposa: munthuyo ntchito ankaidziwa.

Anazivala mwaukali, kuti mwina zimatuka panjira. Sizinamatuke. Koma tsiku lachitatu bondo lawo lakumanzere, lomwe anavulala ali mnyamata atagwa panjinga, linayamba kulasa. Zaka zambiri linali chete. Anafika pakhonde akutsimphina, n'kuvula nsapato zija, n'kuziika pabenchi, n'kumaziyang'ana ndwii.

Zidendene zake zinali zofanana ndendende, zosalala, zonga za m'sitolo. Apo ndi pomwe panali nkhani. Iwo akamasoka nsapato zawo, chidendene chakumanzere ankachikweza pang'ono mbali yakunja ndi kachidutswa ka tayala kopalidwa mopendekeka. Sankachita zimenezi kwa iwo okha. Munthu aliyense akabweretsa nsapato, ankayamba ayang'ana mmene chidendene chakale chadyekera, kaya kunja, kaya mkati, kaya kumbuyo, n'kuwonjezera kachidutswa pomwe phazi limagwera. Sanauzepo munthu. Sanaganizepo kuti ndi chinthu choti n'kunena. Ankayesa kuti wosoka nsapato aliyense amatero, ngati mmene aliyense amanyowetsera ulusi ndi malovu. Anaweramuka n'kuyang'ana kutsidya. Wamakina anazula chidendene cha kasitomala n'kuchiponya m'bini osachiyang'ana n'kamodzi komwe.

"Ohoo!" anatero a Chidendene mokweza, mpaka mwini sitolo anasuzumira.

Tsiku lomwelo anakoka makatoni awiri aja, n'kuboola zidendene zakutha zija, n'kuzitunga pawaya kuchokera nsanamira iyi kukafika iyo. Anafufuta chikwangwani chopanikizana chija n'kulemba mawu ochepa, ulendo uno atayeza ndi chingwe: PHAZI LANU SI LA MNZANU. Pansi pakhonde anajambula mzere wautali ndi choko. Wailesi anaibweza kunyumba.

Oyamba kuwakola anali anamwino aja. Ankadutsa madzulo pochokera kuntchito, nkhope kumbali monga mwa masiku onse.

"Mayi," anaitana a Chidendene, maso ali pansi, "bondo lakumanjalo layamba liti?"

Anamwino anaima. "Wakuuzani ndani?"

"Chidendene chanu. Tayendani pamzerepa ndikuoneni."

Mayiwo anachita manyazi, koma anayenda. A Chidendene anapapasa pawaya paja n'kuchotsa chidendene china choyera, chodyeka mkati. "Ichi n'chanu, cha chaka chatha. Mukuona pomwe mumagwera? Uko anakuikirani chabwino, chokongola, sindikana. Koma anaikira nsapato, sanaikire inu." Mawu akuti "sindikana" anatuluka movutikira ngati akulavula munga.

Patatha masiku anayi anamwino anabwera ndi anzawo atatu. Kenako alonda a pageti, operekera zakudya m'malesitilanti, aphunzitsi, amayi ogulitsa masamba, onse oima tsiku lonse. Ankayenda pamzere wa choko mmodzimmodzi, ena akuseka anzawo, "Iwe ndiye umayenda ngati bakha!" Odutsa ankaima kuonerera. Wakabaza wa tsabola uja anabweranso, ndipo a Chidendene anamuyendetsa pamzere kanayi konse popanda chifukwa. Mwezi utatha mwini sitolo sanatchulenso za zikwama za mafoni. Anangotulutsa benchi yachiwiri n'kuiika pakhonde, n'kunena kuti inkamupanikiza m'katimo.

Mukuganiza kuti nsanje inatha? Ayi ndithu. Kutsidya anthu ankadzazabe, makina ankalirabe. Pakhonde pakakhala anthu asanu, a Chidendene ankaona asanu ndi awiri a kutsidya. Akazi awo ankati, "Abambo, mwapeza zanu, tayamikani." Iwo, "Ndikuyamika," diso lili kutsidya.

Lachiwiri lina m'mawa kunafika mayi wina wachilendo, wovala bwino, kajumbo kali m'manja. Anaima kumapeto kwa khonde mpaka anthu atachepa.

"Bambo, ndi za achimwene anga izi. Ali kutali, sangabwere kudzayenda pamzere wanuwo. Akuti m'chiuno mumawapweteka."

A Chidendene anamasula jumboyo. Zinali nsapato zazikulu zofiirira. Chidendene chakumanja chinali chitadyeka mbali yakunja mpaka kupendekeka. Pamphuno pake panali timadontho ta guluu wouma, ndi fumbi lakuda lija limene limatuluka pamakina opalira. Sanafunike kuuzidwa. Phazi limeneli analiyang'ana miyezi isanu, m'mawa ndi madzulo, kuposa mmene anayang'anirapo phazi la mwana wawo aliyense. Anakweza maso pang'onopang'ono. Kutsidya, wamakina anali atavala masilipasi a makasitomala, akunamizira kukonza wailesi, khosi litapotokera kukhonde.

"Achimwene anu," anatero a Chidendene.

"Eee, achimwene anga," anayankha mayiwo, akuyang'ana mitengo ya utoto.

"Mubwere mawa."

Mayiwo atachoka, a Chidendene anadula kachidutswa ka tayala n'kukapala mopendekeka. Anakaika mbali yakunja, pomwe kamayenera. Kenako anakasuntha n'kukaika mbali yamkati. Pamenepo kakanabisika bwinobwino, palibe akanadziwa, ndipo pakutha pa mwezi munthu uja akanamayenda chogwira khoma. Mtima unati, ika pomwepo. Anakhala choncho nthawi yaitali, guluu akuuma pachala. Ndiye anaganiza kuti munthuyo akazivala n'kumva kuwawa adzati, "Basi? Luso lake lija ndi limeneli?" Zimenezo ndiye sakanazipirira. Anabwezera kachidutswako kunja, n'kusoka nsapato zija mosamala kuposa zonse zimene anasokapo, m'mbali n'kupala ndi galasi losweka mpaka kusalala kuposa makina.

Patapita sabata, wamakina ankatsika pakhomo pake mowongoka. Anawerama kutola nsapato osagwira m'chiuno. Makina ankalira mofulumira kuposa kale, mluzu uli pakamwa. Atawaona a Chidendene akumuyang'ana, anakweza dzanja mpaka pachifuwa, osapitirira apo.

"Taonani zimene ndachita," anadandaula a Chidendene kwa akazi awo, omwe anali atabweretsa chakudya chamasana ndipo tsopano anali ndi pokhala. "Ndamuwongola ndekha mdani. Onani liwiro lake!"

"Nanga mukumwetuliranji?"

A Chidendene anaweramira pansi pa benchi n'kutulutsa chidendene chofiirira chodyeka mbali yakunja. Ichi sanachitunge pawaya pamodzi ndi zinzake.

"Anatuma mkazi wake, mayi. Ndi jumbo. Akuti za achimwene." Anachipukuta ndi malaya. "Ndiye kuti miyezi yonseyi nayenso amakhala akuyang'ana kuno."

Anachikhomera pansanamira ndi misomali iwiri, chakumtunda, mbali yoyang'ana kumsewu, pomwe munthu wa kutsidya angachione bwino akaweramuka.