Chaka Chimene Amama Anasiya Nyumba ya Malata

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amama anasiya ukwati wawo popanda kukangana ndi munthu aliyense. Tinkakhala kwa Mphamba, m'mudzi wa adada. Adada anali mlimi wa fodya wodziwika m'dera lonselo, ndipo anali ndi akazi awiri. Oyamba anali a Nyazimba, amene ine ndinkawatchula kuti amama aakulu. Achiwiri anali amama ondibala, a Nyabanda, ochokera kwa Chikomeni. Aliyense anali ndi nyumba yake ya malata, koma yathu ndiyo inali yatsopano, yopaka simenti pansi, moti nyengo yotentha anzanga ankabwera kudzagona chagada pasimentipo kuti amve kuzizira.

Adada sanali munthu wankhanza. Akachokera ku boma ankandibweretsera mabanzi, n'kundikweza panjinga kuzungulira mudzi wonse. Mdzanja mwawo munkanunkha fodya nthawi zonse, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la fodya wouma ndimawakumbukira.

Amama ankapita kutchalitchi Lamulungu lililonse ndipo nyimbo zonse ankazidziwa pamtima, koma sanali obatizidwa. Mpingo wathu sunkabatiza mkazi wachiwiri. Tsiku la mgonero, akulu a mpingo akangoyamba kuvundukula mbale, amama ankandigwira dzanja n'kutuluka nane panja, kukamvera nyimbo kudzera pazenera. Ine ndinkakondwa chifukwa ndinkapeza mpata wosewera. Sindinaganizepo zoyang'ana nkhope yawo.

Chaka chimenecho, titatha kukolola, kunabwera amalume ochokera kwa Chikomeni. Anakhala pansi pa mtengo ndi adada komanso akuluakulu a m'mudzi tsiku lathunthu, ife ana atatithamangitsira kudambo. Sabata isanathe, amama anandiuza kuti ndimange zovala zanga m'chitenje. Anakweza pangolo miphika, mphasa ndi khasu lawo. Makina osokera amene adada anawagulira anawasiya, bedi analisiya, mbuzi zawo zinatsala m'khola. Amama aakulu anatibweretsera dengu la ufa ndi thumba la mtedza wambewu, n'kubwerera kunyumba kwawo. Adada anaima patali, pafupi ndi chigafa cha fodya, atapinda manja.

Ngolo itangotuluka m'mudzi, amama anayamba kuimba. Sanali kuimba ngati munthu wodzilimbitsa mtima, ayi. Ankaimba momasuka, akugunda chala pamphika, fumbi la msewu likuwayeretsa tsitsi. Ine ndinafunda chitenje kumutu kuti ndisawamve.

Kwa Chikomeni amalume anatipatsa kanyumba ka udzu kamene ankasungiramo makasu. Munkanunkha makoswe ndi utsi wakale. Sukulu inali kutali, ndipo anzanga atsopano ankaseka kalankhulidwe kanga kosakaniza Chitumbuka. Kuchitsime ndinkamva amayi akunong'onezana kuti a Nyabanda mapemphero awazunguza mutu, munthu wanzeru sangasiye malata n'kubwerera ku udzu. Ndinkavomerezana nawo mumtima. Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali chakuti amama ankaoneka okondwa. Ankazira pansi akuimba, ankapita ku kalasi ya ubatizo pamodzi ndi atsikana a msinkhu wa ana awo, n'kubwerako akufotokoza zimene aphunzira ngati munthu wochokera ku phwando.

Tsiku lina masana, mvula ili pafupi, tinakhala pakhonde kusenda mtedza uja wambewu. Dzuwa linali loswa mtengo, zala zinkandiwawa, ndipo amama anali kuimba kanyimbo kawo chapansipansi. Ndinangoona ndakankha lichero, mtedza wonse mbwee pansi.

"Mukuimbiranji, amama? Tinali ndi zonse, mwataya. Anthu akuti mwapenga!"

Ndinkayembekezera khofi. Koma iwo anagwada n'kuyamba kutola mtedzawo m'fumbi, kuupemerera, kuubwezera m'lichero.

"Tiwonge," anatero osandiyang'ana, "fanizo lija la munthu amene anapeza chuma chobisika m'munda ukulidziwa?"

Ndinkalidziwa, tinaliphunzira ku Sande sukulu. Ndinayankha mwamwano kuti munthuyo anagulitsa zake zonse n'kugula mundawo.

"Pogulitsapo ankalira?"

Ndinayang'ana kumbali, iwo n'kudziyankha okha.

"Sankalira. Amene ankamulirira ndi anansi ake, chifukwa iwo ankangoona mbuzi ndi mipando zikutuluka pakhomo. Chimene chinali m'munda muja anachiona yekha. Ukanakhala iwe, ukanamuletsa kuimba?"

Pamenepo ndinatulutsa funso limene linkandidya chifikire. Msuweni wanga anali atandiuza kuti kwa adada ana ndi a bambo, chifukwa ng'ombe za lobola zinaperekedwa, ndipo kuti zinali zachilendo kuti ine ndiloledwe kuchoka.

"Nanga adada akanakana kuti ndibwere nanu?"

Amama anasiya kutola. Nkhuku inabwera kudzajompha mtedza pafupi ndi bondo lawo koma sanaiingitse.

"Ndikanapitabe," anatero.

Anandikokera pafupi, ine ndikukana, n'kundiuza kuti malata ndi makina sizinawavutepo ngakhale pang'ono. Chimene chinawasunga panja pa tchalitchi zaka zonsezo ndinali ine. Ankati akaganiza zondisiya, mantha ankawagwira. Analira kumunda, anapemphera, anakangana ndi Mulungu, mpaka tsiku lina anamuuza kuti mwanayu ndi wanu, ndinu munandipatsa, kaya akhala ndi ine kaya ndi atate ake mudzamusunga ndinu. Anati kuyambira tsiku limenelo mantha anawachoka, ndipo anapita kukauza adada asakudziwa ngati adzachoka ndi mwana kapena okha.

"Ndiye ukudziwa amene anakulankhulira kwa akuluakulu aja?" anandifunsa. "Amama ako aakulu. Anagwada pamaso pa adada ako, nati mwanayu musamulekanitse ndi mayi wake. Munthu amene ndinamulowera m'banja, amene ndinkaganiza kuti adzavina ndikachoka. Ine ndinali nditatsegula kale manja, Tiwonge. Ndinangoona wabwezedwamo."

Sindinganame kuti ndinamvetsa tsiku lomwelo. Ndinalira, ndipo kwa masiku angapo ndinkawayankha ndi mutu wokha. Iwo sanabweze mawu awo kuti andisangalatse. Ankangondipatsa madzi osamba otentha m'mawa, kundiluka tsitsi, kundiperekeza mpaka pamlatho popita kusukulu.

Anabatizidwa chaka chotsatira. Anagwada kutsogolo pakati pa anyamata ndi atsikana, iwo okha wamkulu, atavala bulauzi yoyera yobwereka kwa alamu awo. Abusa atawathira madzi pamutu, madziwo anatsikira m'khosi, ndipo amama anaseka. Anaseka mokweza, misozi ikutsika, mpaka abusa nawonso analephera kudzigwira. Amayi a mpingo, ena mwa iwo omwe aja a kuchitsime, anayamba nthungululu.

Nditacheuka ndinaona adada atakhala pabenchi lakumbuyo, chipewa chili pabondo, ndipo pambali pawo panali amama aakulu. Anali atapalasa njinga kuchokera kwa Mphamba, amama aakulu atakwera kumbuyo. Titatuluka, adada anandinyamula ngakhale ndinali nditakula, kenaka anatembenukira kwa amama.

"Nyabanda, m'nyumba mwanga sindinakuonepo ukuseka chonchi."

Amama anagwada, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono. "Yewo, zikomo, adada ake a Tiwonge, chifukwa munandimasula."

Adada anapitiriza kundiphunzitsa mpaka ndinamaliza sukulu, ndipo tchuthi chilichonse ndinkapita kwa Mphamba, kumene amama aakulu ankandilandira ngati mwana wawo wobala okha. Adada ndi amama aakulu onse anatisiya kale. Amama sanakwatiwenso.

Lero ndine mphunzitsi kuno ku Lundazi ndipo ndili ndi ana anga. Ndikawayang'ana akudya, mawu aja akuti "ndikanapitabe" amandilemera kuposa kale, chifukwa tsopano ndikudziwa zimene amama anaika pansi. Za lamulo la mpingo lija anthu amakangana mpaka pano, ndipo ine sindine woweruza. Chimene ndikudziwa n'chakuti amama sanandikonde pang'ono. Anangopeza Wina amene ankamukhulupirira kuti angandisunge bwino kuposa iwo, ndipo kukhulupirira kumeneko kunawapatsa chimwemwe chimene umphawi wa kwa Chikomeni unalephera kuchichotsa. Ndimathokoza adada amene analola, amama aakulu amene anagwada, ndi amama amene anakana kundinamiza pamene bodza likanakhala lophweka kwa tonse awiri.

Ana anga akandifunsa kuti chikhulupiriro n'chiyani, sindiyamba ndi kuwawerengera zoletsedwa. Ndimawauza kuti ine ndinakula ndi munthu amene anachipeza, ndipo tchuthi chikafika ndimawakweza minibasi ya kwa Chikomeni kuti akadzionere okha agogo awo akali moyo.