Masilinda Opanda Mpweya ku Chelstone

Ine sindinama, ndipo pa msinkhu wangawu ndinganamize ndani? Izi zinandichitikira nthawi ya korona, m'nyengo yozizira ija anthu ankafa posowa mpweya. Ndinali dalaivala wa bungwe lina lothandiza anthu, ntchito yanga kunyamula masilinda a okosijeni kupita nawo m'zipatala zing'onozing'ono. Sukulu ndinalekeza giredi seveni, koma lamulo langa linali limodzi: silinda isanakwere pa lole ndinkaitsegula pang'ono ndi sipanala kuti ndimve ikulira kuti psii.

Kenaka anatibweretsera mphunzitsi wa ku yunivesite wokhala ku Kabulonga, ati tigwire naye ntchito pamene iye akufufuza njira yoti katundu azifika msanga. Anandiyimirira kumbuyo ndi wotchi masiku atatu, n'kukauza abwana kuti mdalayu akutaya nthawi ndi mpweya womwe. Mphunzitsiyo anamata timapepala pa silinda iliyonse, ati foni ikaunika pamenepo ndiyo izinena yodzaza ndi yobwezedwa itatha mpweya. Nditatsutsa anaseka, ati ba mudala makutu anuwo asungireni wailesi. Abwana anandilanda sipanala.

M'mawa wina ndinafika pa kachipatala kena ku Chelstone ndi masilinda asanu. Nesi anathamangira yoyamba, kutsegula, zii. Yachiwiri, zii. Onse asanu chimodzimodzi. Kumene ndinkatenga masilindako netiweki inali itavuta dzulo lake, foni n'kuwerenga obwezedwa ngati odzaza. Pabedi lapafupi ndi khomo panali bambo wina, milomo itada, chifuwa chikukwera ndi kutsika, maso ali pa ine. Mkazi wake anandigwira malaya pakhonde n'kumandifunsa kuti ndabweretsa chiyani. Kodi munayamba mwayang'anidwapo ndi munthu amene wadziwa kuti mwamubweretsera chitsulo chabe? Ndinathamangitsa lole kukatenga ena, ndikupemphera mokweza ngati wamisala. Pobwerako ndinapeza bedi lija atayalula.

Mu lipoti lake mphunzitsiyo analemba kuti dalaivala wosaphunzira ndiye anasokoneza. Ntchito inatha, ndipo kwathu ku Kabwata anthu ankandiloza ndikamadutsa.

Patapita miyezi mphunzitsi uja anabwera pakhomo panga akumwetulira, ati kafukufuku wake sangatuluke popanda siginecha ya munthu amene anagwira naye ntchito. Ndinamuyankha kuti ndisaina, koma tiyambe tapita pena ndikamuonetse kanthu koti awonjezere m'buku lakelo. Anakondwa, n'kunditsegulira yekha chitseko cha galimoto. Ndinamulondolera mpaka ku Chelstone, panyumba ya mayi wamasiye uja, chifukwa ine ndinali nditapitako kale kukapepesa. Ndinagogoda n'kuwauza mayiwo kuti mwini timapepala tija ndi uyu, afotokoze yekha. Abale a malemu anatuluka, ana nawonso. Ine ndinatembenuka kukakwera minibasi. Ndinamumva akuitana ba mudala, ba mudala, koma sindinacheuke. Ndinamva pambuyo pake kuti sanamukhudze, anangomukhazika pansi n'kumuuza kuti ayambe kufotokoza, mwana wamkulu atanyamula chithunzi cha bambo ake.

Ena amati ndinachita nkhanza. Anene. Pepala lake sindinasaine ndipo sindidzasaina. Maphunziro sindidana nawo, adzukulu anga ndimawakalipira akajomba kusukulu, koma ndimakhulupirira kuti wolakwitsa pa moyo wa munthu ayenera kukaona nkhope za otsala. Inu ophunzira mukabwera kuntchito kwathu, funsani kaye chifukwa chimene timachitira zimene mukuziseka. Ndipo mukapha munthu musalembe dzina la dalaivala, chifukwa dalaivala amadziwa njira ya kunyumba ya malemu.