Khosi la Abiti Juma

Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale ashehe athu. Pochoka ku Nkope kupita ku Joni ndinkauza anthu kuti nsomba zatha m'nyanja. Zoona zake, ndinkathawa mkazi wanga, Abiti Juma. Ankangogona. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iye ali m'bulangete kudandaula kuzizira. Ananenepa, tsitsi linkathothoka, mawu ankatuluka mochedwa. Ine ndinkati ndi ulesi, ndipo ndinkanena pamaso pa abale ake.

Ku Joni ndinapeza ntchito yotsuka timakola ta makoswe oyera pa sukulu ina ya ukachenjede. Kuwerenga ndinaphunzirira komweko, imvi zitayamba kale, chifukwa timakolato tinali ndi zilembo. Ndikaweruka ndinkalowa m'kachipinda kanga, kudya buledi, kugona. Ndalama ndinkatumiza. Foni ndinkaimba mwa apo ndi apo.

Makoswe ena ankawapatsa mankhwala owafooketsa, kenako n'kumawamwetsa madzi a masamba kuti aone ngati angadzuke. Ofookawo ankaunjikana pakona, onenepa, ubweya ukuthothoka. Tsiku lina ndinaima pamenepo nthawi yaitali, tsache lili m'manja. Mayi wina wofufuza, wa ku Zambia, anandifotokozera m'Chinyanja kuti chithokomiro chawo chikugwira ntchito mochepa. Anati za masambazo akungoyesa pa makoswe. Munthu wodwala chonchi apite kuchipatala akayezetse magazi.

Ndinaimba foni kumudzi. "Abiti, mwina ndi chithokomiro."

Kwathu chithokomiro ndi chotupa cha pakhosi, choonekera patali. Khosi lake linali losalala.

"Che Amidu," anatero pang'onopang'ono, "la ulesi lija lakukwanani, mwandipezera dzina lina?"

Za magazi sindinafikepo. Ndinapereka moni kwa ana, n'kudula. Nkhaniyo sindinaiyambenso.

Msana utakana ntchito ndinabwerera. Abiti ndinamupeza pathandala akutembenuza usipa, uku akukangana mtengo ndi wogula wa ku Lilongwe. Anali wochepa thupi, wachangu, mawu ali pamwamba. Mlongo wake, Che Sadiki, anandiuza kuti anakomoka pachitsime, iwo n'kuthamangira naye kuchipatala ku boma. Anamuyeza magazi. Tsopano amamwa kapilisi kamodzi m'mawa uliwonse. Zinachitika kalekale, ine ndidakali kunja, ndipo palibe anaona chifukwa chondiuzira.

Abiti anandiyalira mkeka m'chipinda chimene mwana wathu wamwamuna anasiya atakwatira. Ndinamufunsa ngati akukumbukira foni ija.

"Ndikukumbukira. Adokotala atatchula dzinalo ndinati, kani bambo aja ankadziwa." Anapitiriza kupeta mpunga. "Munkadziwa, n'kukhala komweko."

Ndinafufuza mumtima mwanga pomwe pakuwawa, koma sindinapapeze.

M'mawa mwake ndinasenza dengu lake la usipa mpaka kumsewu. Iye anali patsogolo, ndipo sanacheuke.