Fungo la Gasi Ndinalinamizira Kabichi

Magetsi atayamba kuzimazima kwathu ku Silverest, tinagula silinda ya gasi. Apongozi anga, amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Nkomeshya, ankaiopa ngati bomba. Ine ndinkawaseka. "Amama, osayopa, ine niziba kusebenzesa."

Loweruka lina ndinalumikiza ndekha paipi pa silinda yatsopano. Amuna anga akutuluka anafunsa ngati ndapaka thovu la sopo polumikizirapo, kuti ndione ngati gasi sakutuluka. Ndinati ndapaka. Sindinapake, unali ulesi chabe.

Masana m'khitchini munayamba kununkha. Apongozi anakwinya mphuno.

"Amake Taonga, nichani chinunkha so?"

Pakamwa panga panatuluka bodza lina. "Ni kabichi yaola, amama."

M'nyumbamo munalibe ndi kabichi yemwe. Ndinayamba kutsegula makabati ngati ndikumufunafuna, thukuta lili kamukamu, ndikuganiza mmene ndingatsekere silindayo iwo osaona.

Potembenuka, ndinaona apongozi atenga machesi kuti aphike tiyi. Ndinawalumphira n'kuwamenya padzanja, machesi n'kumwazika pansi. Ine, kumenya apongozi!

Ndinatseka gasi, n'kutsegula mawindo, n'kuwakokera panja. Fungo litatha ndinapaka sopo, n'kutsegula silinda pang'ono. Thovu linatukuka ngati mowa wowira.

Ndinagwada n'kuulula zonse. Anandiyang'ana akusisita dzanja lawo.

"Sembe tafa tonse babili," anatero, "chifukwa cha nsoni zanu chabe."

Apongozi sanawauze chilichonse amuna anga. Mpaka lero tikakumana, ndimawapatsa moni maso ali pansi.