Uthenga Umene Unandipeza Mochedwa Kundende

Chaka chimene ndinamangidwa, ine ndi mkazi wanga tinali matenanti pa esiteti ya fodya kufupi ndi Nsaru. Kwathu ndi ku Phalombe, kuno tinalibe mbale. Ndinamenyana ndi kapitawo, iye n'kuthyoka mkono, ndipo khoti linandigamula zaka zitatu. Kunyumba ndinasiya mwana wamkazi wa zaka zinayi.

Poyamba mkazi wanga ankabwera kudzandiona atanyamula chimanga chokazinga ndi sopo. Mvula itayamba anasiya kubwera. Ndinkadzitonthoza kuti watanganidwa ndi kuwokera fodya. Mkaidi sankaloledwa kugwira foni, ndipo makalata awiri amene ndinalemba sindidziwa kumene anathera. Akamaitana mayina a anthu amene alandira alendo, ndinkatchera khutu, koma langa osamveka.

Tsiku lina tikukolola chimanga m'munda wa ndende, msilikali wina wachikulire, wa ku Nambuma, anandifunsa chimene chinkandiwondetsa chonchi. Nditawafotokozera, anayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa foni m'thumba.

"Imbani msanga. Musauze munthu."

Nambala yokha imene ndinkaidziwa pamtima inali ya mkulu wa mpingo wina amene ankakhala pafupi ndi esiteti ija. Atazindikira mawu anga anandifunsa:

"Kodi uthenga sunakupezeni? Tinatuma munthu."

"Uthenga wanji, bambo?"

"Mwana uja anatisiya mu Febuluwale. Malungo. Tinamuika konkuno. Mayi ake anabwerera ku Phalombe."

Apa n'kuti uli mwezi wa Juni. Miyezi inayi yonse ndinkapempherera munthu amene anali kale m'dothi, mpaka ndinali nditamusokera kachidole ka nsanza. Ndinafuna kufunsa ngati anavutika, ngati ananditchulako, koma msilikali uja anaona akuluakulu ake akubwera, n'kundilanda foni. Ndinabwerera pamzere wanga n'kupitiriza kukolola. Sindikanatha kulira, chifukwa akanandifunsa kumene ndazimva, msilikali uja n'kuchotsedwa ntchito. Ndinasenza maliro ndekha mumtima mpaka mkulu wa mpingo uja anabwera yekha kudzandiuza poyera patapita milungu itatu.

Nditatuluka, anandiperekeza kumanda. Mitumbira ya ana inalipo yambiri, yopanda zizindikiro, udzu uli thoo. Analoza umodzi, kenaka anakayika, n'kuloza wina wapafupi pake.

"Pepani, mwanawe. Chaka chimenecho tinaika ambiri."

Ndinapempha khasu n'kulambula yonse iwiri.