Nyimbo za Mayi Asiyatu pa Chimkuzamawu

Nditamaliza setifiketi ya mbiri ndi chikhalidwe cha Malawi ku yunivesite, ndinakhala pakhomo pa makolo anga ku Nkhotakota miyezi yambiri ndikungopeta mpunga. Setifiketiyo inali kasakaniza: pang'ono mbiri yakale, pang'ono zilankhulo, nyimbo, zipembedzo ndi mapu. Abale akandifunsa kuti pepala lotere limalowetsa ntchito yanji, ndinkangoseka ngati yankho ndili nalo.

Ntchito inandipeza yokha. Aphunzitsi athu ena, omwe tinkangowatcha Adokotala, anaimba foni kuti akubwera ndi ophunzira atsopano kudzafufuza mbiri ya tauni yathu, ndipo akufuna mwana wa konkuno woti aziwatsegulira makomo. Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Anandipatsa rekoda, mabatire, kope ndi mulu wa mafomu a chilolezo olembedwa m'Chingerezi. Umayamba wafotokoza cholinga, munthu n'kusaina kapena kudinda chala, iwe n'kutchula tsiku ndi malo pa rekodapo, kenako mafunso. Ukaweruka umakopera zonse mu laputopu ya Adokotala.

Anthu ambiri ankasimba za amalonda a Chiswahili ndi zombo zawo, nkhani zoti ngakhale mwana wa sukulu amazidziwa. Adokotala ankafuna zachilendo, ine pofuna kuoneka wochangamuka ndinapita kwa Mayi Asiyatu. Iwowa ankagulitsa mpunga mumsika, komanso ndi amene ankalangiza atsikana asanalowe m'banja, ndipo mabanja ambiri achisilamu ankatumiza ana awo kwa iwo. Nditawapempha kuti ndijambule nyimbo zimene amaimba polangiza, anakana. Ndinawakakamira masiku atatu, ndikuti nyimbozi zidzatayika, mpaka analola poti amayi anga anali anzawo kuyambira ku madrasa. Anathamangitsa ana, n'kutseka chitseko.

"Ndikuimbira iwe poti ndiwe mkazi," anatero. "Khutu la mwamuna lisamve zimenezi."

Ndinalumbira. Pa fomu panalibe mzere wolembapo zotere, ndiye ndinalemba ndi bolopeni m'mphepete, iwo n'kudinda chala. Adokotala ndinawauzanso pakamwa. Anagwedeza mutu maso ali pa foni.

Tsiku lotseka kafukufuku tinaitanira anthu mu holo ina pa boma: mashehe, amalonda, asodzi ndi onse amene tinawajambula mawu. Mayi Asiyatu anabwera atatchena, n'kukhala kutsogolo kumbali ya amayi. Kumbuyo kunali mkamwini wawo, woyendetsa kabaza, munthu woti akakumana nawo panjira amapatukira kutchire chifukwa cha ulemu. Adokotala analankhula nthawi yaitali za kulemekeza chikhalidwe, kenako anati tsopano timve chuma chimene afukula, n'kudina laputopu.

Mawu a Mayi Asiyatu anadzaza holo yonse, akuimba za kuchipinda, chilichonse n'dzina lake. Ophunzira anayamba kutsinana ndi kuseka, wina n'kukweza foni kuti ajambule. Mashehe anazolika. Mkamwini uja ananyamuka n'kutuluka. Ine ndinalumpha mabenchi n'kukazula nthambo ya chimkuzamawu pakhoma, koma nyimbo inali itafika kale pakati. Mayi Asiyatu anafunda mpango kumaso, natuluka pang'onopang'ono, amayi onse akuwatsata.

Adokotala anandikalipira kuti ndasokoneza mwambo wawo.

"Chala anadinda, si choncho? Awa ndi maphunziro, mtsikana iwe. Usamachite manyazi ndi chikhalidwe chako."

Ndinanyansidwa. Munthu amene anatiphunzitsa chaka chathunthu za miyambo ya anthu sankaona kusiyana pakati pa nyimbo ya pabwalo ndi ya kuseri kwa chitseko. Atatha kundikalipira, Adokotala anakatenga mbale n'kuyamba kudya mpunga wa nyama, ophunzira akubwereza nyimbo ija chapansipansi. Koma chimene chinkandinyansa koposa ndinali ine mwini. Ndinkadziwa mmene munthuyo amamvera zinthu, komabe ndinakopera nyimbozo mu laputopu yake kuti anditame.

M'mawa mwake ndinaumirira mpaka tinafufuta nyimbo zonse zija mu laputopu, mu rekoda ndi pa foni ya wophunzira uja, ndinabweza rekoda, n'kupita kwa Mayi Asiyatu. Anandiyalira mkeka monga mwa masiku onse. Ndinapepesa, n'kuwauza kuti nyimbo zija tazifufuta paliponse, sizidzamvekanso. Anandiyang'ana n'kufunsa:

"M'makutu mwa mkamwini wanga mwafufutamonso?"



Ntchito yojambula mbiri ndimaigwirabe, kuchokera ku Bua mpaka ku Dwambazi. Koma ndisanayatse rekoda ndimayamba ndafunsa kuti kodi pali munthu amene sayenera kumva zimenezi. Akangotchula ngakhale mmodzi, rekoda imabwerera m'chikwama, ine n'kumvetsera ndi makutu okha. Mayi Asiyatu akugulitsabe mpunga mumsika, ndipo ndikawapatsa moni amayankha bwinobwino. Koma chichokereni tsiku lija, palibe banja linawatumiziranso mwana woti amulangize.