Dzuwa Loyenda Wapansi

Kufakitale ya zovala ku Kanengo, komwe ndinkasoka makolala a malaya, pansi pa wotchi ya pakhomo panali chilembo chofiira cha Chitchaina. Ife tinkachitcha nkhanu. Ukachedwa, kapitawo wathu, mayi wa ku Taiwan wochepa thupi koma wa liwu ngati belu la kusukulu, ankakuimika pansi pa nkhanuyo kuti anzako akuone.

Ine ndinaimapo kangapo. Ndinali ndi khanda, bambo ake atalowera ku Joni osatembenukanso, ndipo m'mawa uliwonse ndinkalisiya kwa amayi eni nyumba ku Area 25 ndisanathamangire minibasi. Nayonso minibasi ya masiku amenewo, kaya! Kondakitala akukuwa kuti watsala mmodzi, pomwe mipando yadzaza anyamata ongokhalira kukopa anthu. Iwe mtima uli m'mwamba.

Tsiku lina zitandikwana ndinamufunsa kapitawoyo kuti chinkhanu chakecho chimati chiyani. Ndinkayesa andikalipira, koma anatenga choko cholembera nsalu nachijambula pathebulo langa. Anati chimatanthauza nthawi. Kabokosi ka kumanzere ndi dzuwa, ndipo kumanjako makolo awo kalekale ankajambulako phazi, lomwe linasintha pang'onopang'ono mpaka kuoneka chonchi.

"Dzuwa limayenda wapansi," anatero m'Chichewa chake chothyokathyoka. "Silidikira minibasi. Mukachedwanso, ntchito basi."

Ndinapsa mtima, komanso ndinaopa. Ntchito imeneyo ndiyo inali lendi, ndiyo inali sopo wochapira matewera. Kuyambira pamenepo ndinkadula njira wapansi, kudutsa m'minda ya chimanga, mame mpaka m'mawondo, maso kum'mawa ngati ndikupikisana ndi munthu. Mwana ndinkamuchotsa kubere asanakhute, n'kumusiya akulira. Kulira kumene kuja ndimakumvabe mpaka lero, ndipo kumandiwawa.

Sindinachedwenso ayi. Lolemba lina ndinafika dzuwa likungosuzumira, n'kupeza anzanga ataunjikana pageti, pali chiloko chachikulu. Mlonda anatiuza kuti eni fakitale anapakira makina onse Loweruka, apita dziko lina. Ndinayang'ana pampata wa geti. Wotchi anali ataichotsa, koma chilembo chofiira chija anachisiya pakhoma.

Ndinabwerera wapansi womwewo, dzuwa likundiwotcha kumsana, mkaka ukunyowetsa bulauzi. Ndinkadzitonthoza kuti lero lokha mwana wanga ayamwa mpaka akhute. Nditafika ndinamulanda m'manja mwa amayi aja n'kukhala naye pakhonde. Mwanayo anatembenuza mutu, nakana bere. Anali atazolowera phala la eni nyumba.